Mphatso Yeniyeni Siyamba ndi Kulipira

Pa tsiku lino lokumbukira kubadwa kwa bungwe lathu ndapemphedwa kunenapo mau ochepa za akuba a masiku ano, amene saboola chipupa kapena kuthyola chitseko, koma amaloŵera m'foni ya m'manja.

Ndiyambe ndi ndalama zimene iwo amazifuna. Kuyambira m'chaka cha 2009 kuli ndalama zotchedwa Bitcoin, ndipo pambuyo pake padabwera zina zambiri za mtundu womwewo. Ndalamazi sizigwirika ndi manja. Zimakhala pa intaneti pokha, ndipo palibe banki imene imazisindikiza. Munthu amazigula ndi ndalama zake zenizeni. Chachikulu choti tigwire ndi ichi: ukazitumiza kwa munthu, zapita. Palibe ofesi imene ingalamule kuti zibwerere.

Tsono tamvani zimene zidachitika ku America pa 15 July 2020. Pa Twitter, imene lero ikutchedwa X, padatuluka uthenga pa masamba a anthu otchuka monga Barack Obama, Joe Biden, Bill Gates ndi Elon Musk. Uthengawo unkati iwo afuna kuthandiza anthu, motero aliyense wotumiza Bitcoin ya madola 1,000 amubwezera madola 2,000, koma achite zimenezi pasanathe mphindi 30. Masambawo adali enieni ndithu, koma eni ake sadalembe kanthu. Akuba adanyenga antchito a kampaniyo pa telefoni, naloŵa m'masamba a anthuŵa. Pa maola ochepa chabe anthu adatumiza ndalama zoposa madola 100,000, ndipo palibe amene adalandira kaŵiri monga adalonjezedwa. Wotsogolera kubaku adali mnyamata wa zaka 17 wa ku Florida, amene adagamulidwa kukhala m'ndende zaka 3 m'chaka cha 2021.

Kumangidwa kwake sikudathetse mchitidwewu. M'chaka cha 2021 bungwe la boma la America loteteza ogula, la Federal Trade Commission, lidalengeza kuti pa miyezi 6 yokha anthu adataya ndalama zoposa madola 2 miliyoni kwa akuba odzitcha Elon Musk. Lero akubaŵa apita patsogolo. Ndi kompyuta amapanga kanema woonetsa nkhope ya munthu wotchuka akulankhula mau amene iye sadanenepo, nauika pa YouTube kapena Facebook. Pansi pake amalembapo okha mau onga a anthu oyamikira kuti alandira kale. Makolo adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga wakuba wotere tingamuzindikire bwanji, popeza nkhope ndi dzina sizithandizanso? Musayang'ane nkhope, amayi. Mverani chimene akupempha.

Choyamba, amafuna kuti muyambe ndinu kutumiza. Nthaŵi zina amati ndi ndalama yolembetsera, nthaŵi zina amati ndi yotsimikizira kuti ndinudi. Kodi mudaonapo munthu wobwera ndi mtanga wa ufa pa maliro nanena kuti aferedwa ayambe amupatsa nkhuku? Wopatsa amangopatsa.

Chachiŵiri, amakufulumizitsani. Mphindi 30 zija adaziika dala kuti munthu asapeze nthaŵi yofunsa mnzake.

Chachitatu, amapempha chinsinsi chanu. Amene amasunga ndalama za mtunduwu amakhala ndi mau achinsinsi 12 kapena 24, ndipo wodziŵa mauwo angathe kutenga zonse. Mau ameneŵa, pamodzi ndi nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni, sauza munthu, ngakhale wonena kuti ndi wa ku ofesi.

Mwina wina akuti, "Ine za Bitcoin sindizidziŵa, zindikhudza bwanji?" Zitikhudza kudzera mwa ana ndi adzukulu athu. Iwo ndiwo amagona ndi foni kumutu. Mwana akaona kanema wotere adzabwera kwa inu, nati mumubwereke ndalama ya fizi kapena ya feteleza, abweza maŵa itachuluka. Sakunama dala, nayenso wanyengedwa. Musamukalipire. Khalani naye pansi, mumufunse funso limodzi lokha: akufuna kuti ayambe kutumiza ndani? Inunso asungichuma athu ndi a banki m'khonde, ndalama zimene muli nazo ndi thukuta la amayi ambiri. Zisatuluke m'bokosi popanda msonkhano kuvomereza.

Ngati wina waberedwa kale, asabise chifukwa cha manyazi. Asatumizenso kanthu, asunge mauthenga onse, akanene ku polisi. Achenjerenso ndi ena amene adzabwera kunena kuti angathe kumubwezeretsera ndalamazo akaŵalipira pang'ono, pakuti kaŵirikaŵiri ndi akuba omwewo atavala malaya ena.

Tikabwerera kwathu, tiyeni tikafotokozere anzathu amene sadathe kufika kuno. Safunsa adadya phula, ndipo ife tili ndi mwayi wofunsana sabata ndi sabata.