Nyanja, Mapiri ndi Miseu: Phunziro la Maiko kwa Ana a ku Vubwi

Ana ambiri a ku Vubwi sanaonepo madzi oposa a m'dambo, ndipo mphunzitsi akanena za Nyanja ya Malawi iwo amangolemba dzina m'kope nayiwala. Cabwino nkuyambira pa mvula ya kwao. Malire a Zambia ndi Malawi m'dera lino atsata msana wa mapiri. Madzi ogwa tsidya la Mchinji alowa mu Bua natsikira ku nyanja pafupi ndi Nkhotakota. Ogwa tsidya lino apita ku Mozambique kufuna Zambezi. Popeza nyanja nayo ituluka ndi Shire kukathira m'Zambezi, madzi olekana pa phiri limodzi akumananso kutali. Mwana akathira madzi pa culu ca pa sukulu adzaona yekha.

Nyanjayo ndi yaitali mailosi ngati 360, ndipo kumpoto kuya kwace kupitirira mapazi 2,000. Kumeneko mapiri atsetsereka mpaka m'madzi, osasiya malo a mseu. Midzi ya Usisya ndi Ruarwe yakhala pa timadooko topapatiza, phiri kumbuyo, madzi kutsogolo. Anthu ace alima cinangwa naphika kondowole, napha usipa usiku ndi nyali. Kwa zaka zambiri mseu wao weniweni unali sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland, nilumikizidwa ku Monkey Bay, niyamba ulendo m'caka ca 1951. Mcere, makalata, odwala ndi ana a sukulu, zonse zinadikira tsiku la sitima. Mseu wa pamadziwo uli ndi zoopsa zace: mu July 1946 sitima ya Vipya inamira ndi namondwe pafupi ndi Chitimba, nafa anthu 145.

Pamwamba pa Chitimba pali Khondowe, pamene Dr Robert Laws anamanga Livingstonia m'caka ca 1894, atathawa malungo a m'mbali mwa nyanja. Mseu wa Gorodi wokwera kumeneko ukhota kokwana 20 pa phiri limodzi. Ana amakonda kuujambula pa mcenga, ndipo nkwabwino kuwaleka, cifukwa dzanja likakhota kambiri cotero mwana azindikira kuti galimoto siingakwere phiri molunjika.

Apa mphunzitsi abwerere kwao. Vubwi alibe nyanja, koma mwana wa kwa Mfumu Pembamoyo adziwa bwino za mtsinje wodzala mu February, za cimanga codikira lore, za mai wodwala wonyamulidwa pa ngolo. Vubwi anali pansi pa boma la Chadiza kufikira 2012, pamene anakhala boma pa yekha, monganso Sinda. Koma dzina la boma silifupikitsa mtunda wa ku Chipata. Pena aphunzitsi acita manyazi ndi mapu a pamanja, nafuna osindikizidwa okha. Kumeneko nkulakwa, pakuti mapu osindikizidwa saonetsa mlatho umene umamira.

Cotero ana a kalasi lalikulu ajambule njira yocokera ku mudzi wao kufika ku cipatala, alembepo mitsinje yonse yooloka ndi maora a ulendo m'cilimwe ndi m'dzinja. Atatha, ayese kujambulanso ya mwana wa ku Ruarwe.