Tchuthi ku Kilwa Kivinje, Mudzi wa Asodzi pa Nyanja Yamchere

(Awa ndi mawu amene mmodzi wa mamembala athu adayankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu. Tawasindikiza kuti anzathu amene sadathe kufika nawonso amve.)



Komiti idandipempha kuti ndiyankhulepo za malo amene bungwe lathu lingapiteko pa ulendo wa tchuthi. Ndikudziwa kuti ambiri mwabwera ndi mayina kale m'thumba: ena Senga Bay, ena Cape Maclear, ena Chintheche. Malo onsewa ndi okoma ndipo sindikuwanyoza. Koma ine ndadza kudzakunyengererani kuti ulendo uno tidumphe malire, tikafike ku nyanja yamchere, ku mudzi wa asodzi wotchedwa Kilwa Kivinje, pa gombe la kumwera kwa dziko la Tanzania. Ndineneretu kuti kumeneko kulibe hotela ya nyumba zosanjikizana, ndipo amene akufuna disiko akagwa ulesi. Chifukwa changa ndi china. Msewu wakale wochokera ku nyanja yathu ya Malawi, umene udadutsa anthu athu ambirimbiri atamangidwa m'magoli, unkathera pa gombe la mudzi umenewu. Tonse tidaloweza dzina loti Kilwa m'kalasi ya mbiri yakale kuti tikhoze mayeso, koma ndi angati muno amene adapondapo?

Poyamba ndikumasulireni, chifukwa a Kilwa alipo atatu ndipo mlendo amasokonezeka. Pali Kilwa Kisiwani, chilumba cha mabwinja akale. Pali Kilwa Masoko, tauni ya kumtunda moyang'anana ndi chilumbacho, kumene kuli maofesi a boma ndi malo ambiri ogona alendo. Ndiye pali Kilwa Kivinje, makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa Masoko. Dzina loti Kivinje lidachokera ku mivinje, mitengo yaitali ya masamba onga singano imene imakonda mchenga wa m'gombe.

Kayendedwe kake ndi kotere. Tikatulukira pa chipata cha Songwe ku Karonga, tikwera basi ya ku Dar es Salaam kudzera ku Mbeya kapena pafupi napo. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu ndipo msana umadziwa. Kuchoka ku Dar es Salaam timalowera kumwera makilomita pafupifupi 300 pa msewu wa tala wopita ku Lindi ndi Mtwara. Kale ulendo umenewu unkavuta chifukwa cha mtsinje wa Rufiji, umene anthu ankawoloka pa pantoni, koma kuyambira 2003 pali mlatho wa Mkapa. Timatsika kapena kupatuka pa mphambano ya Nangurukuru, ndipo kuchokera pamenepo Kivinje ndi pafupi. Chenjerani ndi nthawi. Wotchi ya ku Tanzania ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi, komanso Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. Kondakitala akakuuzani kuti basi inyamuka "saa moja asubuhi" akutanthauza 7 koloko mmawa, osati 1 koloko usiku. Safunsa adadya phula.

Chinthu choyamba chodabwitsa munthu wokulira ku Nkhotakota kapena ku Mangochi ndi chakuti nyanja ya kumeneko imachoka n'kubweranso. Nyanja yathu imadzaza ndi kuphwa potsata nyengo ya mvula, pang'onopang'ono pa chaka. Ya mchere imachita zimenezi kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu ya mwezi yokoka madzi, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukangooneka kumene, madzi amakwera kwambiri ndi kuphwanso kwambiri. Ku Kivinje gombe ndi lathyathyathya, choncho madzi akaphwa amathawira kutali, n'kusiya matope ndi ngalawa zikuluzikulu za matanga zitagona cham'mbali ngati ng'ombe zobzikula. Anthu amayenda pansi kupita kukatsitsa katundu pamene maola angapo apitawo panali posambira. Madziwo pobwera sachita phokoso, ndiye ana asamasewere okha kutali ndi mtunda.

Mphepo zake sizachilendo kwenikweni kwa ife. Miyezi imene kuno timalimbana ndi mwera, kumeneko kumawomba mphepo ya kumwera imene amaitcha kusi. Kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi kumawomba ya kumpoto yotchedwa kaskazi, mbale wake wa mpoto wathu. Mphepo ziwirizi ndizo zidapanga mbiri ya gombe lonselo: kaskazi ankabweretsa ngalawa kuchokera ku Arabia ndi ku India, kusi n'kuzibweza kwawo zitadzaza katundu. Katundu wake ndiye nkhani imene ndikubwerayo.

Moyo wa mudziwu uli pa nsomba. Usiku asodzi amapita ndi nyali kukakopa tinsomba totchedwa dagaa, monga momwe anzathu a chilimira amakopera usipa. Mmawa gombe limadzaza ndi amayi osenza mabeseni, ena akufwafwaza tinsombato m'madzi a mchere, ena akuyanika. Fungo lake ndi lomwe lija la pa doko la kwathu. Chakudya musade nacho nkhawa. Nsima iliko, amati ugali, ngakhale kuti ndi yolimbirako. Koma mukalawe mpunga wophikira mkaka wa kokonati, ndi nsomba yowotcha yothira ndimu ndi tsabola. Olimba mtima akayese pweza, chamoyo cha m'nyanja cha miyendo isanu ndi itatu, chimene amachidula timapisi n'kuchiphika msuzi. Ine ndidachikonda, koma sindikakamiza munthu. Madzulo abambo amakhala pa makonde kumwa khofi wowawa m'timakapu ting'onoting'ono, akulumira kashata, chakudya chotsekemera cha mtedza kapena kokonati ndi shuga.

Tsopano ndifike pa mutu weniweni. Mukamayenda m'tinjira ta Kivinje mudzaona nyumba zakale za miyala ya m'nyanja ndi njereza, zina zosanjikiza, zambiri zikugumuka, mizu ya mitengo italowa m'makoma. Nyumba zimenezi zidamangidwa ndi chuma cha zaka za m'ma 1800, pamene mudziwu udali msika waukulu wa minyanga ya njovu ndi akapolo pa gombe lonse la kumwera, pansi pa ulamuliro wa Sultan wa ku Zanzibar. Ambiri mwa akapolowo adali ochokera ku dera la nyanja yathu: Anyanja, Achewa, Amang'anja, Ayao ndi ena. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah adakhazikika ku Nkhotakota monga Jumbe woyamba, ndipo ngalawa zake zinkawolotsa anthu kupita tsidya la kum'mawa. Kuchokera kumeneko ankayenda pansi miyezi itatu kapena inayi, atasenza minyanga, mpaka kufika ku Kilwa. Ofooka ankasiyidwa m'njira. David Livingstone, m'buku lake la 1865 lonena za ulendo wa ku Zambezi, adalemba zimene adamva kwa kazembe wa Britain ku Zanzibar, Colonel Rigby, kuti akapolo 19,000 ochokera ku dera la nyanja yathu yokha ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya ku Zanzibar chaka chilichonse. Chiwerengero chimenechi ndi cha amene adafika amoyo.

Pano ndiyankhule mosapsatira, popeza muno tili mitundu yonse ndipo tidagona m'hositelo imodzi. Nkhaniyi timakonda kuikamba ngati kuti Aluya adabwera okha kudzatiba. Sizidali choncho ayi. Mafumu monga Mataka, Makanjira ndi Mponda adalemera ndi malonda amenewa, ndipo kudalinso mafumu ndi eni mbumba a mitundu ina amene ankapereka anthu posinthana ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Ena mwa ife ndife zidzukulu za otengedwa, ena za ogulitsa, ndipo ambiri, tikafufuza bwino, ndife za onse awiri. Ku Kivinje komweko kuli malo otchedwa Mwembe Kinyonga, pamene padali mtengo wa mango umene Ajeremani ankapachikapo anthu. Pamenepo ndi pamene adanyongera Hassan bin Omari Makunganya mu 1895, mtsogoleri wa Chiyao amene adalimbana nawo ndi kuthira nkhondo mudziwu. Anthu amamukumbukira ngati ngwazi yokana atsamunda, ndipo n'zoona adakana. Koma malonda amene ankawateteza adali omwe aja a minyanga ndi anthu. Ndikufuna ana athu akaime pamenepo, atifunse mafunso ovuta, ife tiyankhe.

Msika wa akapolo wa ku Zanzibar udatsekedwa mu 1873, Sultan Barghash atasaina pangano ndi Britain, koma malondawa adapitirira mobisa kwa zaka zambiri, ndipo kwathu kuno adatha m'zaka za m'ma 1890. Ajeremani adamanga boma lawo pa gombe la Kivinje, nyumba imene ikadalipo ngakhale yatopa. Nkhondo ya Maji Maji ya 1905 mpaka 1907 idayambira m'mapiri a Matumbi, kumtunda kwa dera lomweli. Mu 1956 Angerezi adasamutsira likulu la boma ku Masoko, kumene kuli doko lakuya, ndipo kuyambira pamenepo Kivinje adabwerera ku nsomba zake.

Tsiku limodzi tidzalipatula kuti tiwoloke kupita ku Kilwa Kisiwani. Timayamba talipira ku ofesi ya boma ku Masoko ndi kutenga wotiperekeza, kenaka boti la mphindi zochepa. Chilumbachi chidatchuka kale kwambiri Kivinje asadamveke, chifukwa cha golide wa ku Great Zimbabwe amene ankadzera ku Sofala. Mafumu ake ankasula ndalama zawozawo za mkuwa, ndipo imodzi idapezeka m'mabwinja a Great Zimbabwe momwemo. Mlendo wotchuka wa ku Morocco, Ibn Battuta, adafikako mu 1331 ndipo adauyamikira mzindawo kukongola. Mudzaona mzikiti waukulu wa mizati yambiri ndi madenga obulungira, ndiponso nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa, ya zipinda zoposa 100 ndi dziwe losambiramo la ngodya zisanu ndi zitatu. Apwitikizi motsogozedwa ndi Francisco de Almeida adalanda mzindawu mu 1505. Bungwe la UNESCO lidaika mabwinjawa, pamodzi ndi a chilumba cha Songo Mnara, pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1981. Aphunzitsi athu a mbiri yakale, amene ndikuwaona akugwedeza mutu kumbuyoko, ulendo uno ndife tidzawalipirire basi.

Achinyamata andifunsa kale kunja kuja kuti kodi kusamba nanga? Ku Kivinje kwenikweni n'kovuta chifukwa cha matope ndi nkhalango za mitengo yomera m'madzi amchere, imene eni ake amaitcha mikoko. Mchenga woyera ndi madzi osambira zili ku Masoko, choncho ndikuganiza kuti tizikagona kumeneko, Kivinje tizipitako masana. Ubwino wa madzi amchere ndi wakuti mulibe likodzo. Koma valani nsapato za pulasitiki poyenda m'madzi osaya, chifukwa muli tizilombo ta minga, ndipo musatsegule pakamwa monga timachitira kwathu. Udzudzu uliko, neti musaiwale.

Kwatsala za khalidwe. Anthu a kumeneko ambiri ndi Asilamu, ndipo ndi mudzi wa anthu, si malo ochitira chionetsero. Amayi tengani zitenje, abambo kabudula wamfupi ndi chifuwa cha pamtunda zithere kugombe. Mowa usayende m'manja pa msewu. Tikapita m'mwezi wa Ramadani, tisadye poyera masana. Musajambule munthu musadapemphe, makamaka amayi a pa ntchito ya nsomba. Kwa wamkulu mumati "shikamoo", iye amayankha "marahaba". Pakhomo mumati "hodi", ndipo apa palibe chophunzira chifukwa ndi "odi" wathu yemweyu. Mukanena kuti mwachokera ku Malawi, ena adzakutchulani Mnyasa. Musakwiye nalo dzinalo, lidafika kumeneko kalekale ife tisadabadwe.

Miyezi ya Malichi mpaka Meyi ndi ya mvula yambiri pa gombelo, ndiye ndikupempha komiti kuti iganizire za Ogasiti, ana ali pa tchuthi ndipo kunja kukadali kozizirirako. Pafunika masiku asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, anayi mwa iwo ndi a pa msewu. Amene mapasipoti awo adatha ayambe lero kukonza, ndipo amene ali ndi chidwi alembetse mayina kwa a Mlembi tisanapite kukadya, kuti a Msungichuma adziwe kuti tisonkha zingati pa mwezi.