Cenjerani ndi Cuku m'Nshawa ndi m'Cimanga



Lero ndifuna kunena za cuku cimene cimera pa nshawa ndi cimanga zosauma bwino. Cuku cina ciri ndi ululu wochedwa aflatoxin, umene sukutha ngakhale pophika. Uononga ciwindi ca munthu ndi ca ciweto comwe.

M'caka ca 1960 nkhukundembo zokwana 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya ca nshawa zocokera ku Brazil. Mu 2004 anthu 125 anafa ku Kenya ndi cimanga ca cuku. Kuno kwathu, mu 2024, Nduna ya Zaumoyo inalengeza kuti agalu ngati 400 anafa, ndipo ufa wa m'zigayo zina unapezeka ndi ululu womwewu.

Cifukwa cace maiko anaika alonda a cakudya. Bungwe la Codex Alimentarius, limene FAO ndi WHO anakhazikitsa mu 1963, liika malire a ululu wololedwa m'zakudya. M'Zambia muli lamulo la Food Safety Act la 2019, ndipo a Zambia Bureau of Standards apima zakudya. Nshawa zathu zikapyola malire, ogula akunja azikana.

Koma mlonda woyamba ndinu. Kololani pa nthawi yace. Yanikani pa mphasa, osati pa dothi. Musawaze madzi pa nshawa kuti makoko afewe. Zoola tayani, musapatse nkhuku kapena nkhumba. Nkhokwe isadonthe. Mukakaika, funsani mlangizi wanu.