Valavu ya Kumanja kwa Mtima: Zimene Kholo Lililonse Liyenera Kudziwa

Lero tikambirana za mtima, makamaka kachiwalo kamodzi kamene kakavuta, m'mudzi timathamangira kunena kuti mwana watsemphedwa kapena walodzedwa.

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri kumanja, ziwiri kumanzere. Magazi akagwira ntchito m'thupi amabwerera kumanja, mtima n'kuwapopera ku mapapo kukatenga mpweya wabwino. Akachoka ku mapapo amalowa kumanzere, ndipo kumeneko amapopedwa kupita m'thupi lonse. Pakati pa chipinda cha m'mwamba ndi cha m'munsi cha kumanjako pali valavu ya timapiko titatu, dzina lake tricuspid. Ntchito yake ndi kulola magazi kutsika, osabwerera. Nonse mumaudziwa mjigo: mphira wa pansi ukatha, madzi amathawira kunsi, inu kupopa mpaka mikono kuwawa koma ndowa osadzaza. Valavu iyi ikamadontha, mtima umavutika chimodzimodzi. Magazi amadikha m'mbuyo, miyendo imatupa, mimba imadzaza madzi, chiwindi chimakula, mitsempha ya m'khosi imaima n'kumagunda moonekera.

Mwamva zizindikirozo? Kutupa miyendo ndi mimba ndi kumene timakutcha tsempho. Banja limayamba kulozana zala, mwana akumwa zitsamba, miyezi n'kumapita.

Vuto la valavu imeneyi limabwera m'njira ziwiri. Pali lobadwa nalo, pali lobwera munthu atabadwa kale.

Tiyambe ndi lobadwa nalo. Mwa ana 100 alionse obadwa, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi vuto lina la mtima. Limodzi mwa mavutowa, losowa ndithu, ndi tricuspid atresia, lomwe limagwera mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 10,000. Apa valavu ija siinapangike n'komwe. Pamene panayenera kukhala njira pali mnofu wotseka, ndipo chipinda cha m'munsi cha kumanja chimakhala chaching'ono. Magazi amadutsira pa kabowo ka pakati pa zipinda za m'mwamba, n'kusakanikirana ndi magazi abwino a kumanzere. Mwanayo amakhala ndi moyo, koma thupi lake limaperewera mpweya.

Amayi, mvetserani apa. Khanda lotere mudzalidziwa poyamwa. Limakoka bere pang'ono, n'kusiya kuti lipume, likuchita wefuwefu, thukuta lili kamukamu pachipumi ngakhale kukuzizira. Musamangoyang'ana khungu. Tsegulani kukamwa kwake pa kuwala, muone lilime ndi nkhama. Zikakhala zotuwa kapena zabuluu, makamaka akamalira, umenewo ndi ulendo wa kuchipatala tsiku lomwelo. Ku sikelo nakonso mzere wa kulemera kwake sukwera.

Chimayambitsa n'chiyani? Mtima wa mwana umapangika m'masabata 8 oyambirira a mimba, nthawi imene mayi mwina sanadziwe n'komwe kuti waima. Kwa ana ambiri, ngakhale madokotala akafufuza sapeza chifukwa chimodzi choloza. Choncho abambo, apongozi, musamuimbe mlandu mayi. Koma zilipo zinthu zimene zimawonjezera chiopsezo choti mwana abadwe ndi vuto la mtima: mayi kudwala rubella ali ndi pakati, matenda a shuga osasamalidwa, mowa ndi fodya, mankhwala ena monga ena a khunyu, komanso ngati kumtundu kuli wina wobadwa ndi vuto la mtima. Amene mumamwa mankhwala a khunyu musasiye panokha, kaonaneni ndi adokotala musanatenge pakati. Kuyambira 2017, katemera wa chikuku m'dziko muno amaphatikiza ndi wa rubella, ndipo mwana amabayidwa pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15. Mtsikana amene mukumubayitsa lero mukutetezanso ana amene adzabereke.

Thandizo lilipo. Mu 1968 dokotala Francis Fontan wa ku Bordeaux, m'dziko la France, anachita opaleshoni yolumikiza magazi obwerera m'thupi kuti azipita ku mapapo osadalira chipinda cholumalacho. Masiku ano amachita m'magawo mwana akamakula, nthawi zambiri ku zipatala za kunja. Koma khomo lake ndi chipatala chathu chaching'onochi, chimene chimakutumizani ku chipatala cha m'boma lathu, kenako ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu, kuti akamuunike mtima.

Tsopano njira yachiwiri, imene ili m'manja mwathu. Mwana wa zaka 5 mpaka 15 akadwala zilonda za pakhosi, akutentha thupi, akulephera kumeza, timangomupatsa Panado kapena madzi a mchere. Zina mwa zilondazi zimayamba ndi tizilombo totchedwa streptococcus. Pakapita masabata awiri kapena atatu, chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi thupi lomwelo. Bondo limatupa lero, mawa ululu wasamukira ku chigongono kapena kakolo. Ena manja amangogwedezeka okha, mpaka kulephera kugwira cholembera. Amenewa ndi matenda a rheumatic fever. Ululu wa m'mfundo umatha, koma zipsera zimatsala pa mavalavu a mtima. Imayamba kuonongeka kawirikawiri ndi valavu ya kumanzere yotchedwa mitral. Magazi akamadikha m'mapapo, mbali ya kumanja imatukumuka, ndipo tricuspid imalephera kutseka bwino. Matenda a m'mapapo okhalitsa, monga zipsera za TB ndi utsi wa m'khitchini wa zaka zambiri, amathanso kulemetsa mtima wa kumanja motero.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zimenezi n'zopeweka: mankhwala oletsa rheumatic fever ndi penisilini, jakisoni mmodzi kapena mapiritsi a masiku 10. Mwana amene anadwalapo kale rheumatic fever amafunika jakisoni pa masabata atatu kapena anayi alionse kwa zaka zambiri. Musasiye chifukwa akuoneka wamphamvu. Matendawa akabwereza, valavu imaonongeka kwambiri.

Ndiye tigwirizane. Mayi akangodziwa kuti waima, ayambe sikelo miyezi itatu isanathe, ndipo bambo amuperekeze. Mowa ndi mankhwala ogula pa msika azisiye. Katemera wa mwana amalizidwe. Mwana wa zilonda za pakhosi ndi kutentha thupi apite kuchipatala. Khanda lotopa poyamwa, kapena mwana wotupa miyendo, asagone m'nyumba kudikira kuti akuluakulu akambirane kaye. A mfumu, ndikupempha kuti a komiti ya zaumoyo azitidziwitsa za ana otere mwamsanga, ndipo pakafunika njinga kapena ndalama ya ulendo, mudzi uthandizepo. Tsopano ndi nthawi yanu, amene ali ndi funso akweze dzanja.