SALAZAR: NDUNA YA CUMA IMENE INAPEMPHA MPHAMVU ZA KANTHAWI

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a m'boma la Luangwa



Ndithokoza kuti mwandilola ine, mwana wa dzulodzulo pa nchito yathu ino, kuimirira pamaso pa akuruakuru amene anayamba kugwira coko ine ndisanabadwe. Mutu umene ndapatsidwa ndi uwu: kodi munthu mmodzi amatha bwanji kulanda dziko lonse pogwiritsa nchito mphamvu za nthawi ya ngozi? Tikafika pa funso lotere m'kalasi, dzina loyamba kubwera pakamwa ndi la Hitler. Koma ife a ku Feira sitifunika kupita kutali cotero. Munthu akaima pa doko ndi kuyang'ana tsidya la Luangwa amaona nyumba za ku Zumbo, ndipo Zumboyo inakhala zaka 36 m'manja mwa munthu amene sanapondepo phazi m'Africa ngakhale tsiku limodzi, ndiye António de Oliveira Salazar.

Tiyambe ndi cisokonezo cimene cinamtsegulira khomo. Pa 5 October 1910 Apwitikizi anacotsa mfumu yao nakhazikitsa boma losankhidwa ndi anthu. Boma latsopanolo linali lodana ndi Mpingo, ndipo linapitikitsa Ajezuiti m'maiko onse a Portugal. Nkhani imeneyi ndi yathu ndithu, pakuti ansembe amene anali ku Miruru, pafupi ndi Zumbo, ndiwo anaoloka Luangwa nadzakhala ku Kapoche ndi ku Katondwe. Tsono m'zaka 16 zotsatira dziko la Portugal silinaone mtendere. Maboma oposa 40 analowa ndi kugwa, ndarama inatha mphamvu, ngongole zinacuruka, ndipo m'misewu ya Lisbon mabomba sanali cinthu cacilendo. Anthu anatopa. Pamene asilikari anaukira pa 28 May 1926, kuyambira mu mzinda wa Braga, ambiri anawaombera m'manja. Asilikariwo anatseka Nyumba ya Malamulo, naika anthu oyang'anira zimene manyuzipepala alemba, nanena kuti izi ndi za kanthawi, kufikira dziko litakhazikika. Makolo athu amati walira mvula walira matope.

Asilikari anadziwa kugwira mfuti, koma kusunga ndarama sanadziwe. Pofika 1928 thumba la boma linali litabooka, ndipo ngongole imene anafuna kutenga mwa cithandizo ca League of Nations inadza ndi malamulo akuti alendo aziyang'anira cuma ca dziko, cinthu cimene Apwitikizi anaciyesa camanyazi. Pamenepo maso anatembenukira ku Coimbra, kwa mphunzitsi wa za cuma pa sukulu ya ukacenjede. Inde, anzanga, anali mphunzitsi monga ife. Anabadwa m'1889 m'banja losalemera, anaphunzira ku seminale ya ku Viseu ngakhale sanakhale wansembe, sanakwatire, sankakonda misonkhano ya cinamtindi ca anthu, ndipo mau ace anali apansipansi. Cakudza siciimba ng'oma.

Pa 27 April 1928 Salazar analandira udindo wa Nduna ya Cuma, koma anayamba waika mfundo zace. Unduna uli wonse uzigwiritsa nchito ndarama zokhazo zimene iye wauyezera. Nduna iri yonse isacite kanthu kokhudza ndarama zolowa kapena zoturuka popanda iye kubvomera. Ndipo iye akhale ndi mphamvu ya kukana. Taonani bwino apa, cifukwa pagona nkhani yonse. Sanapemphe kuti akhale mfumu kapena mtsogoleri wa dziko. Anangopempha mfungulo ya nkhokwe pa nthawi ya njala. Koma kodi pali nchito ya boma imene siifuna ndarama? Msilikari afuna nsapato, mphunzitsi afuna malipiro, msewu ufuna mlatho. Wosunga mfungulo ya nkhokwe ndiye mwini mudzi, ngakhale nyakwawa akhale wina.

Tisamnamizire: nchito ya ndarama anaigwira. M'caka coyamba zolowa zinaposa zoturuka, cinthu cimene Apwitikizi anali asanacione kwa nthawi yaitari. Anacita izi pokweza misonkho ndi kucepetsa ndarama zimene boma limaononga, ndipo mtolo wace unagwera kwambiri anthu osauka. Koma manyuzipepala, amene anali kale pansi pa oyang'anira, anangolemba zomtamanda. Kuyambira pamenepo, nduna zina zikatsutsana naye, iye ankangoopseza kuti asiya nchito, ndipo Pulezidenti Óscar Carmona, poopa kuti cisokonezo cingabwerere, ankalola kuti nduna zinazo zicoke, Salazar atsale. M'1930 anagwirizira unduna wa maiko a kunja kwa nyanja nalemba lamulo lochedwa Acto Colonial, limene linamanga Mozambique ndi Angola zolimba ku Lisbon. Caka comweco kunakhazikitsidwa União Nacional, bungwe limene iye anakana kulicha cipani, koma limene linatsala lokha pamene zipani zonse zinazimirira. Pa 5 July 1932 anakhala Nduna Yaikuru.

Cotsalira tsopano cinali kusandutsa za kanthawi zija kukhala zamuyaya, ndipo anacita ici ndi pepala. Pa 19 March 1933 anthu anafunsidwa ngati abvomereza malamulo akuru atsopano a dziko. Koma kawerengedwe kace kanali kodabwitsa: munthu ali yense wolembedwa m'kaundula amene sanapite kukaponya voti anawerengedwa kuti wabvomera. Tayesani kucita cotero pa mayeso, kuti mwana amene sanabwere wakhoza! Malamulowo anayamba kugwira nchito pa 11 April 1933. Munthu akawerenga ndime 8 apeza ufulu wa kulankhula, wa kusonkhana ndi wa kupanga mabungwe wolembedwa bwino lomwe. Koma pansi pace pali mau akuti malamulo apadera ndiwo adzalongosola kagwiritsidwe nchito ka ufuluwo. Tsiku lomwelo linaturuka lamulo lapadera lakuti nyuzipepala isasindikizidwe boma lisanaione. Dzanja lamanja linapereka, lamanzere linalanda.

Nyumba ya Malamulo inabwezedwa, koma inkakumana miyezi itatu yokha pa caka, ndipo pa cisankho ca 1934 mipando yonse 90 inatengedwa ndi União Nacional, popeza panalibe wina wopikisana nayo. Kuonjezera apo boma linapatsidwa mphamvu ya kupanga malamulo palokha pa nthawi ya cangu ndi ya kusowa kwa dziko. Nanga woweruza kuti nthawi ya cangu yafika anali yani? Boma lomwelo. M'1945 ngakhale mau a canguwo anafafanizidwa, kotero kuti nduna zinatha kupanga lamulo tsiku liri lonse. Polisi ya kabisira inakhazikitsidwa m'1933, ndipo kuyambira 1945 inadziwika ndi dzina loti PIDE. M'1936 ndende ya Tarrafal inatsegulidwa pa zisumbu za Cape Verde. Kunyanyala nchito kunaletsedwa.

Akatswiri a mbiri amatsutsana ngati Salazar anali Mfasisiti weniweni monga Mussolini. Ena amati iai, pakuti m'1934 anathetsa gulu la Rolão Preto, anyamata a malaya obiriwira ngati thambo amene ankatsanzira Hitler. Ena amati inde, pakuti lamulo lace la anchito analitengera ku Italy, ndipo m'1936 anapanga gulu la acinyamata la yunifomu lochedwa Mocidade Portuguesa. Ine ndiganiza kuti kwa munthu amene anali m'manja mwa PIDE kusiyana kumeneku kunali kocepa.

Lolani ndikhalitse pang'ono pa za aphunzitsi, pakuti mphunzitsi ameneyu sanawacitire cifundo anzace. Zaka zokakamiza mwana kukhala pa sukulu zinatsitsidwa kufika pa zitatu. M'midzi munaikidwa anthu ochedwa regentes, osaphunzira uphunzitsi, olandira malipiro ocepa. Sukulu zophunzitsa aphunzitsi a pulaimale zinaleka kulandira ophunzira m'1936 kufikira 1942. Lamulo la 1935 linalola boma kucotsa wanchito wace ali yense woganiziridwa kuti atsutsa, ndipo kuyambira 1936 wofuna nchito ya boma ankalumbira kuti akana Cikomyunizimu ndi maganizo onse oukira. Azimai anzanga, imvani ici: mphunzitsi wamkazi sankaloledwa kukwatiwa popanda cilolezo ca Nduna ya Maphunziro, ndipo mwamunayo ankayenera kuonetsa kuti ndi wa makhalidwe abwino ndi kuti mapezedwe ace ndi olingana ndi malipiro a mkaziyo. Ngati anacita zotere kwa ana a kwao, kodi ana a ku Zumbo akadayembekeza ciani?

Akuruakuru a m'midzi yathu, makamaka amene makolo ao anaoloka mtsinje, ayankha funso limenelo bwino koposa buku. Adziwa cibalo, adziwa kulima thonje mokakamizidwa ndi kuligulitsa pa mtengo woikidwa ndi boma, adziwa kathabwa ka zibowo kochedwa palmatória kamene kankatupitsa zikhatho. Ndipo pano tiyenera kulankhula zoona za nyumba yathu yomwe. Akatolika ambiri anamlandira Salazar ndi cimwemwe, pokumbukira mazunzo a 1910. M'1940 anapangana ndi Roma, ndipo lamulo la 1941 linapereka maphunziro a ana acikuda m'manja mwa mamishoni, koma maphunziro ace anali apansi, a m'Cipwitikizi, okonzera mwana kugwira khasu ndi kumvera. Komabe mu Mpingo momwemo munaturuka anthu olimba mtima. Bishopu wa ku Beira, Sebastião Soares de Resende, anadzudzula nchito yokakamiza kufikira imfa yace m'1967. Bishopu wa ku Porto, António Ferreira Gomes, analembera Salazar kalata yomtsutsa m'1958, nakhala kunja kwa dziko lace zaka khumi. M'1971 ansembe a White Fathers anacoka m'Mozambique onse pamodzi, ndipo anali amishoni amene anaulula za anthu ophedwa ku Wiriyamu, pafupi ndi Tete, pa 16 December 1972. Pa nthawiyo Salazar anali atamwalira. Anadwala m'1968, namwalira m'1970. Koma nyumba imene anamanga inaimabe kufikira 25 April 1974. Za kanthawi za 1926 zinatha zaka 48.

Hitler anayenda njira yomweyi, koma mothamanga. Nyumba ya Malamulo ya ku Berlin inapsa pa 27 February 1933; m'mawa mwace Pulezidenti Hindenburg anasaina lamulo la ngozi loimika ufulu wa anthu; pa 23 March aphungu anapereka mphamvu zao kwa Hitler ndi mavoti 444 kwa 94, aphungu a Cikomyunizimu ali m'ndende kapena m'kubisala. Lamulo la ngozilo silinacotsedwe kufikira 1945. Tsidya la Zambezi, kumene kuli Kanyemba, Ian Smith anapempha Bwanamkubwa Sir Humphrey Gibbs kuti asaine lamulo la ngozi, limene linalengezedwa pa 5 November 1965, ndipo patapita masiku 6 analengeza kuti dziko ladziimira palokha. Zipolopolo za boma limenelo zinafika m'boma lathu lino, ku Kavalamanja, pa 6 March 1978. Cokhumudwitsa ndi cakuti boma la Robert Mugabe linasunga lamulo lomwelo kufikira 1990.

Nanga kwathu? Sindinena kuti Zambia inalamulidwapo ndi Mfasisiti; kutero kungakhale kunama. Koma mpeni womwewo unakhala m'nyumba mwathu nthawi yaitari. Malamulo a ngozi analengezedwa mu July 1964 cifukwa ca nkhondo ya mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina, dziko lisanalandire ufulu, ndipo anakhalapo kufikira 1991. Zifukwa zina zinali zoona, monga a ku Kavalamanja angacitire umboni. Koma ndi malamulo omwewo Simon Kapwepwe ndi anzace oposa 100 anatsekeredwa popanda mlandu mu February 1972, ndipo mu December caka comweco dziko linakhala la cipani cimodzi. Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza za ngozi m'1993 ndiponso m'1997, ndipo pa tsiku la Khirisimasi la 1997 womangidwa anali Kenneth Kaunda mwini wace. Mu July 2017, msika waukuru wa City Market ku Lusaka utapsa, Pulezidenti Edgar Lungu anagwiritsa nchito ndime 31. Aphungu anabvomereza masiku 90, ndipo masikuwo atakwana mphamvuzo zinatha.

Ana athu a Giredi 7 ayenera kudziwa cimene ndime 30 ya malamulo akuru a Zambia inena. Pulezidenti akalengeza za ngozi, cilengezoco cimafa pakapita masiku 7 ngati aphungu oposa theka la Nyumba yonse sanacibvomereze, ndipo akabvomereza, sicipitirira miyezi itatu popanda kubwereranso kwa iwo. Mwana woidziwa ndime imeneyi angathe kufunsa mafunso amene Apwitikizi sanafunse m'1928: mphamvu izi zidzatha tsiku liti, ndani angazicotse, ndipo munthu womangidwa akadandaule kwa yani?

Pempho langa kwa komiti, Bambo Wapampando, ndi ili. Nkhalamba zimene zinaona cibalo ndi maso ao zatsala zocepa, ndipo caka ndi caka tikuziika m'manda. Sukulu iri yonse ya m'mbali mwa Luangwa ndi Zambezi itume ana a makalasi apamwamba kukakhala pansi ndi agogo ao, atapempha cilolezo kwa mafumu, ndi kulemba m'makope zimene adzamva, m'Cinyanja, m'Cikunda kapena m'Cinsenga, monga momwe mwini nkhani wanenera. Makopewo tidzabwere nao pa msonkhano wa cigawo cikudzaci.