Lima, Mzinda wa Nkhungu Wopanda Mvula

Madzulo ano ndikuuzani za Lima, likulu la dziko la Peru ku South America, kumene ndinayenda ndi thumba langa kumsana m'mwezi wa Julaye.

Mzinda umenewu anaukhazikitsa ndi Francisco Pizarro m'caka ca 1535, pafupi ndi nyanja ya Pacific, ndipo lero muli anthu ngati 10 miliyoni. Lima ali pa mzera umodzi ndi Copperbelt yathu, motero cisanu cimawafika miyezi yomweyo imene cimatifika ife. Koma cisanu cathu cimadza ndi dzuwa, pamene kwao dzuwa limabisala masabata ambiri. Madzi ozizira a m'nyanja, ochedwa Humboldt, ocokera kumwera, amaziziritsa mpweya, ndipo nkhungu imene eni ace amati garúa imakuta mzinda wonse. Zobvala zanga zinali kukhala zonyowa, koma mvula yeniyeni sindinaione, pakuti deralo ndi cipululu.

Madzi akumwa ambiri amacokera mu mtsinje wa Rímac, wotsika ku mapiri a Andes. Osauka okhala m'zitunda, monga ku Villa María del Triunfo, ambiri alibe mipope, ndipo amagula madzi ku malole pa mtengo woposa umene olemera amalipira. Ena amaimika maukonde akulu pamwamba pa zitunda. Nkhungu ikagunda ukonde imasanduka madontho, amene amatsikira m'migolo, nathirira nawo ndiwo zao.

Tsono inu amene mumadandaula mvula ikanyowetsa nkhuni, kumbukani anzathu amene amaedza madzi ndi ukonde. Gonani bwino.