Kapuchino Inandidyera ya Minibasi

Nkhani yanga lero ndi ya khofi, ndipo musaseke.

Sabata yatha ndinalowa m'malo ena omwera khofi m'tauni kuti nditumize kalata yofunsira ntchito, poti kunyumba magetsi anali atathima, bandulo nayo itatha. Ndinaitanitsa kapuchino osafunsa mtengo. Bilu itabwera, ya minibasi yonse inathera pomwepo. Ndinabwerera wapansi, dzuwa lili paliwombo.

M'njira ndinkangonyinyirika. Khofi timalima konkuno, ku Misuku, ku Thyolo, ndiye adule chonchi bwanji? Koma taganizani, m'kapu muja khofi weniweniyo ndi wochepa. Mukulipira mkaka, shuga, lendi, mafuta a jenereta ndi malipiro a mchemwali amene wakubweretserani. Makina aja ndi akunja, ogula ndi madola, ndipo mukukumbuka kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mu 2024 nakonso chilala cha ku Brazil ndi ku Vietnam, maiko olima khofi wambiri kuposa onse, chinakweza mtengo wake padziko lonse.

Ndiye tizitani? Tinene zoona, ambirife sitipitira khofi kumeneko. Timafuna mpando, soketi ndi Wi-Fi, eti? Choncho funsani mtengo musanaitanitse, si manyazi amenewo. Tiyi kapena khofi wakuda nthawi zambiri amatchipako. Kalata lemberanitu kunyumba, mukafika n'kungotumiza basi. Mukapita pagulu, gwirizanani muli panja kuti aliyense alipira zake. Ndinaonapo mnzathu wina akunamizira kuyankha foni bilu itafika, ndipo kuchokera tsiku limenelo sabweranso tikamuitana. Sindimutchula, koma zinandiwawa, chifukwa tikanakambirana kaye sakanachita manyazi.

Komabe, aise, kusamala ndalama si kudyera anthu masuku pamutu. Anthu anayi, kapu imodzi, maola asanu, mafoni onse ali pa chaji, ayi zimenezo. Mwini malo akatopa asintha pasiwedi, tivutike tonse, ngakhale amene timagula. Tsiku limene m'thumba mwauma, kawerengereni ku laibulale, tiyi mukamwere kumsika ndi mandasi awiri.

Ine Lolemba ndikupitanso, pali kalata ina yoti nditumize. Koma ya minibasi ndaibisa kale m'sokosi.